Mota ya chigayo ikungotentha, sitata ikungodula: yambani mwayang'ana fumbi

Eni zigayo kuno ku Mchinji, kuyambira pa boma, Kamwendo, Waliranji mpaka uko ku Mkanda ndi Kapiri, pali dandaulo limodzi lomwe silitha, makamaka chimanga chikauma anthu nkuyamba kukonoletsa ndi kugayitsa tsiku lonse. Mota ikutentha, sitata (bokosi loyatsira ndi kuzimitsira mota) ikungodula yokha, pena mukumveka kafungo ka waya wopsa koma poyang'ana simukuona kanthu. Mwaitana wamagetsi wakonza, pakangopita masiku zayambiranso. Ambiri amathamangira kunena kuti magetsi abwera ochepa mphamvu, ndipo nthawi zina nzoona, koma ine ntchito yanga ndi yokonza mamota ndi masitata a zigayo, ndipo ndikatsegula chivindikiro chomwe ndimapeza kawirikawiri ndi ufa wadzaza tho. Mota ikapsa imagulidwa ina, olo ndalama zake zimawawa. Chondidetsa nkhawa ine nchakuti fumbi la ufali limaphulika, ndipo njira zachidule zomwe timachita kuti chigayo chisaime makasitomala ali pamzere ndi zomwezo zimene zimaliyatsa.

Amayi ophika nsima amazidziwa izi, ufa pang'ono ukawazikira pamoto umachita lawi nthawi yomweyo kuti phuu, pomwe mulu wa ufa womwewo mutauika pamakala umangonyeka pang'onopang'ono. Kusiyana kwake nkoti ufa womwazika, kanjere kalikonse kazunguliridwa ndi mpweya nde moto umangodumpha kuchoka pa kena kupita pa kena mwachangu zedi. Tsono zikachitikira mnyumba yotseka kapena mkati mwa sayikuloni, chitsulo chija cholekanitsa ufa ndi mpweya, mpweya wotenthawo ulibe kothawira, umakankha malata ndi zipupa. Zofunika nzisanu basi: fumbi loyaka, mpweya, fumbilo likhale mmwamba, malo otsekeka, ndi choyatsa. Mchigayo zinayi zoyambazo zilipo kale tsiku lililonse. Chatsala ndi chachisanucho.

Ena amati aaa chigayo changa nchaching'ono fumbi lake lingaphulitse chani. Tiyeni tiwerengere limodzi. Fumbi la mbewu limayamba kukhala loopsa likafika pafupifupi magalamu 50 mpaka 60 mu kiyubiki mita imodzi ya mpweya. Tengani chipinda cha mamita 6 ndi 4, kutalika kwake mamita 3. Fumbi litangoyala pansi ponse kuchindikala milimita imodzi yokha, amenewo ndi makilo pafupifupi 12, ndipo litadzuka lonse nkudzaza chipindacho lifika magalamu oposa 160 pa kiyubiki mita. Ladutsa kale malire katatu. Apo sitinawerengere lomwe lakhala pa mitanda ya denga, pamwamba pa zipupa, pa mapaipi ndi pa mawaya, lomwe ndi losalala kuposa lapansi komanso louma gwa chifukwa cha kutentha kwa malata. Nchifukwa chake kuphulika koyamba kumakhala kwakung'ono, mwina mkati mwa chigayo momwe, koma kumagwedeza nyumba, fumbi lakumwamba lija nkugwa lonse pamoto, ndiye kwachiwiriko nkomwe kumapha anthu.

Zinachitikapo ku America pa 31 May 2017, pa fakitale yogaya chimanga ya Didion Milling ku Cambria, Wisconsin, anthu 5 anafa, ndipo chimanga chake nchomwechi timagaya ifechi. Mu February 2008 fakitale ya shuga ya Imperial Sugar ku Port Wentworth, Georgia inaphulika nkupha anthu 14, ndipo ofufuza anapeza kuti choyatsa chiyenera kuti chinali bering'i yotentha pa lamba wonyamula shuga yemwe anali atamutsekera mzitsulo. Bering'i chabe abale anga, yomwe ife timaimva ikulira nkumati tisintha kumapeto kwa mwezi.

Tsono tiyambe ndi mota yotenthayo. Musanaitane munthu, zimitsani ku main switch, osati pa batani lofiira lokha, nkuyang'ana kumbuyo kwa mota komwe kuli fani. Chivindikiro cha faniyo chili ndi timabowo tolowera mphepo, ndipo mzigayo zambiri timabowoti tamatika ndi ufa wosakanikirana ndi girisi mpaka kuoneka ngati pulasitala. Mizere ija ili pathupi pa mota siyokongoletsa ayi, ndi yotayira kutentha, mphepo ya fani imayenera kudutsa mmenemo. Ikakwiririka ndi ufa mota imatentha olo magetsi ali bhobho. Masulani chivindikirocho, palani ndi kathabwa kapena bulashi, pukutani mizere yonse, onaninso ngati mapiko a fani sanathyoke. Amisiri timayendera lamulo loti kutentha kukakwera ndi madigiri 10 pamwamba pa mlingo wake, moyo wa makoyilo, mawaya okulungidwa mkati mwa mota, umadulidwa pakati, nde mota yomwe ikanakhala zaka zambiri imapsa chaka chomwecho. Komanso ufa womwe wakhala pa chitsulo chotentha umayamba kunyeka pansi pake mwakachetechete, pamwamba ukuoneka woyera bwinobwino.

Ngati mwayeretsa koma ikutenthabe, apa nde mpofunika wamagetsi wokhala ndi mita, osati woyeza ndi tesita yokha. Ayeze mavoti pakati pa mafezi onse atatu, mawaya atatu obweretsa magetsi aja, chigayo chikugaya, ayenera kukhala cha mma 400, akatsika kupitirira 360 imikani kaye ntchito chifukwa mota imakoka ma amp ambiri kuti ikwanitse katundu yemweyo. Ayezenso ma amp pa waya aliyense, atatuwo azifanana. Fezi imodzi ikasowa, kaya fyuzi yapsa kaya waya wamasuka penapake, mota imapitiriza kuzungulira uku ikung'ung'udza ndipo imapsa mphindi zochepa. Zonsezo zikakhala bwino vuto lili ku chigayo chenicheni: sefa yatsekeka, mahamala atha nde akungopukusa osaphwanya, mphale yabwera isanaumitsitse, kapena mnyamata akuthira mopyola muyezo kuti mzere uthe msanga. Mphale yonyowa ibwezeni ikayanikidwe, olo mayi akwiye, imamata sefa ndipo chigayo chonse chimatentha.

Pa sitata pomwe ndikufuna tikhalitsepo, chifukwa apa mpomwe ndimaona zoopsa kwambiri. Overload, kachipangizo ka mu sitata kodula magetsi mota ikamakoka ma amp opyola muyezo, ikadula ndiye kuti ikugwira ntchito yake, ikukuuzani kuti mota ikuvutika. Koma zomwe zimachitika nzoti wina amapotokola kanambala kaja kufikitsa kumapeto, wina amalumikiza waya kuilambalala, ndipo wina amatsina contactor, switch ya mu sitata yolumikiza magetsi ku mota, ndi kamtengo kuti isatuluke. Kamtengo kameneko nkoopsa pawiri. Mota ilibenso chitetezo, komanso magetsi akathima nkubweranso pakati pa usiku chigayo chimadzuka chokha chili chodzaza, lamba nkumaterereka pa pule mpaka kufuka, palibe munthu pafupi. Overload iikidwe molingana ndi ma amp olembedwa pa kachitsulo ka mota. Ndipo ngati sitata yanu ndi ya star-delta, ija yodzutsa mota mmasitepe awiri, overload nkukhala pa mawaya opita ku makoyilo, nambala yake ndi ma amp a pa mota kuchulukitsa ndi 0.58. Mota yolembedwa 40 A imaikidwa cha pa 23. Amagetsi ena amaika 40 yemweyo, nde overload ija siidzadula mpaka mota itapsa.

Contactor iliyonse imathetheka mkati ikamatseka ndi kutsegula, ndi mmene inapangidwira, palibe chokonza. Nde bokosi lake likakhala lopanda chivindikiro, kapena mabowo olowera mawaya ali pululu, ufa umalowa nkukhala pomwe pakuthetheka motopo. Ufa womwewo nthawi ya mvula umakoka chinyezi, zolumikizira nkuchita dzimbiri nkumatentha, kafungo ka waya wopsa kaja kamachokera pamenepo. Njira yotsika mtengo yomwe ine ndimalimbikitsa aliyense ndi kuchotsa sitata, main switch, masoketi ndi mita mchipinda chogayira, zipite kuseri kwa khoma, kaya kakhonde kotchingidwa kaya kachipinda kena kopanda fumbi. Mkati mutsale mabatani awiri okha, loyatsira ndi lozimitsira, mkabokosi kotsekeka bwino ka IP65. Nambala 6 yoyambayo ikutanthauza kuti fumbi sililowa nkomwe, pomwe yoyambayo ikakhala 5 ndiye kuti limalowa pang'ono. Waya aliyense alowe mbokosi kudzera pa gland, kachomangira kotseka bowo mozungulira waya, yomangika, osati bowo lokulungidwa ndi tepi kapena jumbo. Ntchito yake ndi kuboola khoma ndi kugula chingwe cha mamita ochepa, siingafanane ndi mtengo wokulunganso makoyilo kawiri pachaka. Musaiwale efi, waya uja wopita mnthaka: chigayo, sayikuloni ndi mapaipi achitsulo zonse zilumikizidwe ndi waya wa efi, chifukwa ufa wouma ukamathamanga mpaipi umapanga timagetsi tija timakulasa ukagwira chitsulo, makamaka miyezi youma ngati September ndi October. Mapaipi apulasitiki ponyamulira ufa ndi oipa pa chifukwa chomwechi.

Bering'i igwireni ndi dzanja chigayo chikangoima. Ngati simungathe kusiyapo dzanja kwa masekondi ochepa ndiye kuti yadutsa madigiri 60, fufuzani. Mwina girisi watha, mwina mwathira wambiri zedi chifukwa nayenso amatenthetsa, mwina lamba mwamukoka mopyola, kapena mapule sakuyang'anizana. Girisi akamatuluka wakuda kapena mukumva kulira kwa mchenga, sinthani lero. Lamba wolira poyatsa kapena wonunkha labala ndi wolefuka, ndipo posintha sinthani onse pamodzi, watsopano mmodzi pakati pa akale amasenza katundu yekha.

Nanga kaphokoso kaja ka ng'aa mkati, chitsulo chikamenyana ndi mahamala? Msomali, kandalama, kabawuti, mwala, zonsezi zimabwera ndi chimanga chopunthidwa pabwalo. Mahamala amazungulira maulendo pafupifupi 3000 pa mphindi, akamenya msomali pamatuluka mbaliwali ndipo kachitsuloko kamatentha nkuuluka limodzi ndi ufa kukagwera mthumba kapena pa mulu wa gaga. Maginito amphamvu pa khomo lothirira amathetsa zambiri, bola muziwachotsa zomwe agwira madzulo aliwonse, mudzadabwa nazo. Maginito sagwira miyala, nde ikaninso waya wa sefa wamabowo akulu pamwamba pa chothiriracho, ndipo makasitomala azipeta.

Tsono funso lomwe ndimafunsidwa kwambiri nlakuti timasesa daily koma fumbi silikutha, titani. Kusesa kokha sikungathe ngati chigayo chikulavula ufa. Imani pakhomo mmawa dzuwa likulowa mkati muone pomwe utsi wa ufa ukutulukira. Nthawi zambiri ndi thumba lansalu la pa sayikuloni lomwe labooka kapena lamatika moti mpweya ukusowa potulukira nkumabwerera kukhomo lothirira, pena ndi labala wa pachitseko cha chigayo watha, pena ndi polumikizira mapaipi pomwe anamanga ndi chingwe cha mphira. Tsekani pamenepo kaye. Thumbalo likhale ndi linzake losinthana nalo kuti lina lizichapidwa nkuuma bwino. Ngati malo alipo sayikuloni ndi thumba lake zikhale kunja kwa nyumba pansi pa kadenga, mbali yomwe sikukhala anthu odikira, kuti chikachitika chichitikire panja.

Kayeretsedwe kake nako nkofunika. Chonde musapemerere fumbi ndi kompuresa kapena bulowa. Ndikudziwa zimafulumira ndipo pamaoneka poyera, koma mphindi imeneyo mwadzipangira nokha mtambo uja tawerengera pamwambapa, bulowa yakeyonso ili ndi mabulashi othetheka mkati. Zimitsani zonse, dikirani mota izizire, tsegulani zitseko ndi mawindo, yambani kumwamba ndi bulashi yofewa ya mtengo wautali pang'onopang'ono, kenako zipupa, kenako pansi mutawaza timadzi. Pa mitanda ndi pamapaipi nsanza yonyowa ndiye yabwino. Miyezo ina ya ku America imaika malire pa fumbi lochindikala mamilimita 0.8, kwa ife muyezo wosavuta ndi uwu: ngati mungalembe dzina ndi chala pa chitsulo, kapena penti wake sakuoneka mtundu, nthawi yoyeretsa yakwana kale. Ndipo amene ali ndi siling'i akwere akaone pamwamba pake, kumeneko kumakhala ufa wa zaka.

Kuwotcherera nako. Sefa yang'ambika, chitseko chathyoka, mumaitana wowotcherera abwere ndi makina ake mkati momwemo ufa uli mbuu. Chomwe chingamasulidwe chimasuleni chikawotcheredwe panja, kutali. Ngati sizitheka, chigayo chiyeretsedwe mkati ndi kunja, matumba, gaga ndi zonse zoyaka zichoke mamita 11 kuzungulira, pansi panyowetsedwe, ndipo grinder muiwerengere ngati moto womwewo. Akamaliza munthu akhalepo osachepera ola lathunthu akuyang'ana ndi kununkhiza. Chizolowezi chowotcherera madzulo nkukhoma chitseko kumapita kunyumba nchomwe chimachititsa moto wa pakati pa usiku womwe mmawa anthu amati sitikudziwa chayambitsa.

Magetsi akathima anthu ali mkati, kandulo, koloboyi ndi machesi ayi, gwiritsani tochi. Mababu akhale mchotchingira chotsekeka, osati lolendewera pa waya. Fodya ndi mbaula panja, olo kuzizire bwanji mu June. Amene mumagayira injini ya dizilo, injiniyo ikhale chipinda chake ndipo ekizozi itulukire kunja kutali ndi thumba la sayikuloni. Ndipo zigubu za petulo zomwe ena amasungitsa mchigayo mafuta akamasowa, kaya nza mnzanu wa kabaza kaya nza jenereta, zichoke. Mpweya wa petulo ndi wolemera kuposa mpweya wamba, umayenda pansi mpaka kukapeza pothetheka, ndipo umayaka olo kunja kukuzizira chotani.

Mukamva fungo la chimanga chopserera kapena mwaona kautsi pa mulu wa gaga, zimitsani ku main switch, tulutsani anthu onse, ana ndi amayi oyamba. Musathamangire kutsegula chigayo kapena kukutumula thumba, mukalowetsa mpweya ndi kudzutsa fumbi pamoto. Musakhuthulire chidebe chamadzi mwamphamvu pa muluwo kapena kuulozetsa chozimitsira moto pafupi, mphamvu yakeyo imamwaza ufa. Nyowetsani mofatsa ngati mvula yowaza, kheni yothirira dimba imagwira bwino ntchito imeneyi, kuyambira mmbali, magetsi ali ozima. Kenako zonyowazo zitulutsidwe panja ndi fosholo pang'onopang'ono. Gaga wachinyezi akaunjikidwa amatentha yekha mkati, nde musamusunge mulu waukulu mchipinda chogayira, pisani dzanja mkati mumve.

Kwa amene mukukula, mwayamba kugaya zakudya za nkhuku, kukonza soya kapena kupakira ufa mmapaketi, pogula zida mudzakumana ndi zilembo za Ex, ATEX kapena IECEx, zosonyeza kuti chidacho anachipangira malo omwe angaphulike. ATEX ndi malamulo a ku European Union, IECEx ndi ndondomeko ya mayiko ambiri yotsatira miyezo ya IEC 60079. Amagawa malo a fumbi patatu. Zone 20 ndi momwe mtambo wa fumbi umakhalamo pafupifupi nthawi zonse, ngati mkati mwa chigayo ndi sayikuloni. Zone 21 ndi pomwe umaoneka nthawi ndi nthawi ntchito ikuyenda, ngati pothirira ndi potchingira ufa mthumba. Zone 22 ndi pomwe umangobwera mwa apo ndi apo kwa kanthawi kochepa. Pa kachitsulo ka mota mukaona zonga II 2D Ex tb IIIC T125°C Db, chilembo D ndiye cha fumbi, 2D imaloledwa mu Zone 21 ndi 22, 3D mu Zone 22 mokha, ndipo T125°C ndi kutentha komwe thupi lake silingapitirire. Yolembedwa G yokha ndi ya malo a gasi ndi petulo, musaganize kuti basi ikwana pa ufa. Samalaninso ndi zogula kale kale zochokera kunja, kaya mwazipeza ku Lilongwe kaya ku Chipata. Mota ya Ex yomwe inakulungidwanso makoyilo pa shopu wamba, kapena bokosi lake la mawaya likusowa mabawuti ndi labala, yasanduka mota wamba olo chizindikiro chikadalipo, musalipire mtengo wa Ex.

Kunena zoona chigayo cha pamudzi sichingakwanitse kugula zonse za Ex, ndipo sindikuuzani kuti mukatenge ngongole. Mota yotsekeka ya IP55 yomwe ikupukutidwa tsiku lililonse, ili ndi overload yoikidwa bwino, sitata ili kuseri kwa khoma, nyumba ilibe fumbi kudenga, ndi yotetezeka kuposa ya Ex yokwiririka mu ufa. Zomwe sindingavomereze ndi mota zija zotsegula zoti makoyilo akuonekera pa mabowo, zimenezo mchigayo zisalowe.

Kumbali ya boma, lamulo lathu ndi Occupational Safety, Health and Welfare Act la 1997, ndipo limapereka udindo kwa olemba ntchito kuti malo ndi makina zikhale zosaika antchito pangozi. Oyendera ake amachokera ku unduna wa zantchito, a Malawi Bureau of Standards amaona za ukhondo ndi ubwino wa ufa, ndipo wokuikirani mawaya akhale ndi chilolezo cha MERA, bungwe loona za magetsi ndi mafuta, mufunseni akuonetseni. Gulani kope lachikuto cholimba lizikhala pa ofesi, muzilembamo tsiku lomwe mwayeretsa kudenga, lomwe mwathira girisi, ma amp omwe wamagetsi wapeza pa fezi iliyonse, ndi tsiku lomwe chozimitsira moto chinayezedwa. Oyendera akabwera muli ndi chowaonetsa, komanso inu nomwe mudzaona ma amp akukwera mwezi ndi mwezi mota isanapse. Malamba akhale ndi chotchingira, anyamata azivala zotseka pamphuno chifukwa fumbi lomweli limawononga chifuwa, ndipo chitseko chachiwiri chija mwaunjikapo matumba a gaga chitsegulidwe, chizitsegukira kunja, pasakhale loko nthawi yantchito.